Kachitsulo ka Sophia Kosabuntha

Sophia amakhala m'dera la George. Ali ndi mlongo wake, dzina lake Dumi. Dumi sayenda ndi miyendo. Amayenda pa chikuku cha mawilo.

Tsiku lililonse Sophia amakankha chikuku. Amapita limodzi kusukulu. Amabwera limodzi kunyumba.

Lachiwiri chikuku chinagwa m'dzenje. Chitsulo chogwira mawilo chinathyoka pakati. Dumi sanapite kusukulu. Lachitatu sanapitenso. Sophia anapita yekha, koma sanasangalale.

Amayi awo ndi ba Petronella. Iwo ali ndi makina osemera zitsulo ku Lilanda. Makinawo amazunguza chitsulo. Dzino la makina limachisema pang'onopang'ono.

Amayi anapeza chitsulo cha galimoto yakale choti aseme chogwira mawilo chatsopano. Chinali cholimba kwambiri. Anachimanga pa makina. Sophia anaima patali n'kumaonerera.

Makina anazungulira. Dzino linatentha. Litatentha linabuntha.

Amayi ananola dzino. Makina anazunguliranso. Dzino linatenthanso. Linabunthanso.

Amayi anapukuta thukuta. Anati dzino lawo silingathe chitsulo chimenechi.

Sophia anabwerera kunyumba ali khuma. Anakhala pakhonde n'kuyamba kusewera chiyato, masewera oponya ndi kuwakha mwala. Iye saponya mwala ngati anzake. Amaponya kachitsulo kotuwa, kotalika ngati chala. Anakapeza m'chitini cha agogo Dingani.

Anakaponya m'mwamba. Anakawakha. Kenako anakayang'anitsitsa.

Kachitsuloka kanagonapo pamvula, koma sikanachite dzimbiri. Amakakhwekhweretsa pa simenti, koma sikaperepeseka. Sophia anatenga msomali. Anaukanda ndi kachitsuloka. Msomali unakandika. Kachitsulo sikanakandike.

Anathamangira kwa agogo. Agogo anali kusoka nsapato kuseri kwa nyumba.

"Agogo, aka ni kachani?" anafunsa Sophia.

Agogo anakaika pachikhatho n'kumwetulira. Anati kale ankasema zitsulo ku migodi ya ku Kitwe. Kachitsuloka kanali dzino la makina awo.

"Muli zitsulo zitatu umu," anatero agogo. "Kobati, kromiyamu ndi tangisiteni."

Sophia anayesa kutchula mayinawo. Lilime linakana. Agogo anaseka. Anatchulanso pang'onopang'ono.

Anati kobati ndiye wambiri, ndipo saopa moto. Kromiyamu amaletsa dzimbiri. Tangisiteni amalimbitsa.

"Nanga kakatentha, kamabuntha?" anafunsa Sophia.

"Ayi, mdzukulu wanga. Ngakhale kafiire, kamadulabe."

M'mawa Sophia ndi agogo anakwera minibasi. Anatsika ku Lilanda. Sophia anapereka kachitsulo kwa amayi ndi manja awiri.

Amayi anakayesa ndi tupa. Tupa inangoterereka. Anapita nako pa mwala wonolera. Ananola, ananola, ananola. Kanachedwa kuthwa, koma kanathwa.

Agogo anachenjeza amayi kuti asakamenye ndi hamala. Kachitsulo kolimba chonchi sikapindika. Kakamenyedwa kamabenthuka.

Amayi anakamanga bwinobwino pa makina. Makina anazungulira. Dzino linatentha. Utsi unatuluka. Sophia anagwira dzanja la agogo.

Dzino silinabunthe.

Tizidutswa ta chitsulo tinagwa pansi. Tinali topotana ngati tsitsi. Tinagwa, tinagwa, tinagwa. Dzino linadulabe.

Masana chitsulo chatsopano chinali chitatha. Chinali chosalala ndi chonyezimira. Amayi anagwira nsonga ya dzino litazizira. Inali yakuthwabe.

Kunyumba amayi anamanga mawilo. Dumi anakwera. Anayenda mpaka pa kiyosiki yogulitsira madzi n'kubwerera. Mawilo sanagwedezeke.

Amayi anafuna kubweza kachitsulo kwa Sophia. Sophia anakana.

"Sungani, amayi. Ka nchito aka. Ine nizafuna mwala."

Dumi anati iye ndiye akasankhe mwalawo. Anatembenuza chikuku. Sophia anagwira kumbuyo, ndipo anatuluka pageti akuseka.