Dokowe ndi Timabowo Titatu

Zineb ankakhala mumzinda wa Marakeshi ndi amayi ake. Amayi akewo ankalemba buku la nthano ya zamatsenga. Zineb ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Dokowe asachoke m'bukumo.

M'bukumo munali mtsikana wolimba mtima, dzina lake Yamna. Munali mfiti ya mphepo. Munalinso Dokowe.

Dokowe sanali mbalame wamba. Kale anali munthu. Mfiti ija inamulodza, iye n'kusanduka mbalame. Sankatha kulankhula. Ankangoima pakhoma ndi mwendo umodzi. Ankangogogoda mlomo wake wautali: go, go, go.

Ntchito yake inali yomweyo basi. Koma Zineb ankamukonda kuposa onse.

Tsiku lina m'mawa, amayi ankakanda ufa wa buledi. Nkhope yawo inali yakugwa.

"Amayi, mwatani?" anafunsa Zineb.

"Buku langa laima, mwananga," anatero amayi. "Mfiti yamuiwalitsa Yamna kwawo. Makomo a mumzinda ndi ofanana onse. M'thumba mwake muli buledi yekha. Akafika bwanji kwa mayi ake?"

"Nanga Dokowe?"

"Dokowe ndimuchotsa. Bukuli latalika kale. Iye amangoima ngati mzati."

"Amagogodanso mlomo," anatero Zineb.

Amayi anaseka. "Kugogoda mlomo ndi ntchito imeneyo? Chabwino, umupezere ntchito lero. Ukalephera, madzulo ano atuluka."

Zineb anachita mantha.

Amayi anaumba buledi wozungulira. Anabaya pamwamba pake ndi chala. Kabowo koyamba. Kachiwiri. Kachitatu. Ankatero tsiku lililonse.

Zineb anasenza thabwa la buledi pamutu. Anapita ku ng'anjo ya a Larbi. Mabanja onse a m'njira yawo ankaphikitsa buledi kumeneko.

Popita ankaganiza. Pobwera ankaganizanso. Dokowe amunyamule Yamna? Ayi, Yamna ndi wolemera. Dokowe amenyane ndi mfiti? Ayi, timiyendo take n'towonda. Akhoza kuthyoka, wachisoni.

Masana Zineb anabwerera kukatenga buledi. Maso ake anali pa buledi, koma mtima unali pa Dokowe. Anangotola amene anali pafupi.

"Iwe Zineb, ukupita naye kuti ameneyo?" anafunsa a Larbi. "Mwasamukira nyumba ina kodi?"

"Si wathu uyu, amalume?"

"Tayang'anitsitsa. Ali ndi mzere pakati. Ameneyo ndi wa kwa a Habiba. Akakupeza naye, makutu akowo atalika lero."

A Larbi analoza ndi thabwa lawo lotulutsira buledi.

"Wa nyenyezi uyu ndi wa kwa osoka nsapato. Wa mizere iwiri ndi wa kwa aphunzitsi. Wanu ndi uyu. Timabowo titatu."

"Mumadziwa nyumba zonse, amalume?"

"Zonse. Iwe undionetse buledi, ine ndikuonetsa khomo lake."

Zineb anaima chilili. Anayang'ana buledi. Anayang'ana a Larbi. A Larbi anali ataima ndi mwendo umodzi, akudzikanda winawo. Miyendo yawo inali yaitali. Inalinso yowonda.

Zineb anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi.

"Chakuseketsa n'chiyani, mwana iwe?" anafunsa a Larbi.

"Palibe, amalume. Zikomo kwambiri!"

Zineb anatenga buledi wa timabowo titatu. Anathamanga. Anadutsa bulu wonyamula zikopa. Anadutsa wogulitsa malalanje. Thabwa lili pamutu, buledi ali gwedegwede. Sanaime mpaka kunyumba.

"Amayi, ndamupezera ntchito!"

"Yamba wapuma, mwananga," anatero amayi. Iwo ankathira tiyi m'matambula.

Koma Zineb analibe nthawi yopuma.

"Asanalodzedwe, Dokowe anali wophika buledi pa ng'anjo. Amadziwa buledi wa nyumba iliyonse. Yamna atulutse buledi wake uja. Dokowe aone timabowo take."

Amayi anasiya kuthira tiyi. "Kenako?"

"Kenako Dokowe auluke. Yamna azimutsatira pambuyo. Adutse khomo ili. Adutse khomo ilo. Akafika pa khomo lenileni, Dokowe agogode ndi mlomo."

"Go, go, go," anatero amayi chapansipansi.

"Ndiye mayi ake a Yamna atsegule!"

Amayi anaika ketulo pansi. Anathamangira pa tebulo lawo. Analemba, analemba, analembabe. Tiyi anazizira. Buledi anazizira. Zineb ankangozungulira tebulo, chimwemwe chili tho mumtima.

Dzuwa litapendeka, amayi anamuitana. Zineb anakhala pamiyendo pawo. Amayi anawerenga mokweza. Dokowe anauluka. Yamna anamutsatira. Chitseko chinatseguka. Mayi ake anamukumbatira Yamna, akulira ndi chimwemwe.

"Ndiye Dokowe sachoka?" anafunsa Zineb.

"Achoke bwanji?" anatero amayi. "Popanda iyeyu, Yamna akanagona panja. Ine ndinkamuona ngati mzati. Iwe unaona munthu."

Zineb anawakumbatira amayi ake mwamphamvu.

Amayi anawiritsanso tiyi. Ananyema buledi uja. Anamuviika m'mafuta a maolivi. Chidutswa cha timabowo titatu anamupatsa Zineb.

Zineb anadya ataimirira. Anadya ataima ndi mwendo umodzi.

"Khala pansi, iwe," anatero amayi.

"Sindingathe, amayi. Ndili pa ntchito."

Amayi anamuyang'ana. Anayang'ana kukhomo kuti aone ngati kukubwera munthu. Kenako nawonso anakweza mwendo umodzi.