Mbawa za Kumanda a ku Lirangwe

Linali Lamulungu masana, anthu atabwera kutchalitchi. Banja la a Harry, mlonda wa pa bwalo la ndege la Chileka, linali pakhonde likutong'ola chimanga. Dyton yekha, mwana wawo woyamba, ndiye anali ndi laputopu pamiyendo m'malo mwa lichero.

"Achimwene, zala zanuzo ndi zagalasi?" anafunsa mlongo wake Vanessa, akumugenda ndi chitsononkho.

"Tamusiya," anatero mayi awo. "Mawa masana ndiye potsekera kutumiza zikalata zofunsira sukulu. Dokotala wa mitengo ameneyu. Kaya azidzaibaya jakisoni, kaya!"

Onse anaseka. Dyton anaseka nawo, koma mtima uli m'mwamba. Bungwe lina lakunja linkafuna kulipirira anthu atatu okha maphunziro a PhD ya zachilengedwe, pomwe ofunsira anali mazanamazana. Iye ankafufuza za mitengo yachilengedwe yotsalira kumanda, poti kwina konse nkhwangwa za owotcha makala zinaseseratu. Mtima wa chikalata chake chonse chofunsira mwayiwo unali manda amodzi a ku Lirangwe.

Foni inanjenjemera.

"Wapamtima, ndatsika pasiteji. Ndatenga tepi ndikuyezenso khosi, malaya a chinkhoswe angakutsamwitse pamaso pa amalume!"

Anali Pempho, telala wa pa Lirangwe.

Anakumana chaka chatha. Tsiku limenelo Dyton anali atabwezedwa ndi mkulu wina woyang'anira manda, a Mavuto, atapempha kulowa kumanda kukawerenga mitengo. "Kumanda si kupaki, achimwene," anatero mkuluyo. Pobwerera, minga inamung'ambira thalauzi, ndipo anakakhala pakhonde la sitolo, mtsikana wa makina osokera akumuika chigamba.

"Mumathawa galu kapena apongozi?" anafunsa mtsikanayo, ulusi uli kukamwa.

M'kucheza komweko Dyton anamva kuti a Mavuto ndi malume ake a mtsikanayo. Ganizo linamulowa mwakachetechete ngati chiswe. Sabata yotsatira anabweranso ndi malaya amene anachita kudula yekha batani.

Koma mabatani asanathe pamalayapo, zinthu zinatembenuka. Ankapezeka wakwera minibasi ya ku Lirangwe popanda chosoketsa chilichonse. Ankamutcha "mthunzi wanga". Anamulonjeza kuti, "Ndikapambana, dzina loyamba m'buku langa lidzakhala lako. Nyumba yathu tidzaizunguliza mbawa." Ndipo polankhula zimenezi sankanama. Nanga bodza loyamba lija akanaliulula liti? Tsiku lililonse ankati mawa.

Mwezi wa Meyi Pempho anapempha malume ake chilolezo cholowa kumanda. "Ndikufuna amayi akudziwe," anamuuza Dyton. Analowa kumanda atavula nsapato. Pempho anagwada pamtumbira, natsinzina.

"Amayi, uyu ndi Dyton. Sandibisira kanthu."

Dyton anali kumbuyo kwake, maso ali m'mwamba. Mbawa zonenepa zoti anthu atatu sangazikumbatire! Milombwa, mithethe! Dzanja linalowa lokha m'thumba. Anajambula chithunzi ndi foni, nawerenga mitengo chamumtima mpaka makumi anayi ndi isanu ndi iwiri, Pempho akulira chapansipansi.

Tsopano Pempho uja analowa pabwalo, tepi ili m'khosi, jumbo ya nthochi ili kumanja. Anagwada kupereka moni kwa a Harry ndi mayi.

"Takulandirani mwanathu. Kunyumba mwasiyako bwanji?"

"Kuli bwino, amayi, kaya kuno?"

Dyton anathamangira m'nyumba kukatenga mpando. Laputopu anaisiya yotsegula pamphasa.

"Alamu, tabwerani muone!" anakuwa Vanessa mosangalala. "Mwatchuka inu! Azungu mawa akuonani patsamba loyamba penipeni!"

Dyton atatuluka ndi mpando, anapeza Pempho ataima chilili. Pagalasi panali msana wake womwe, atagwada pamanda a mayi ake, mbawa zitamuzungulira. Pansi pa chithunzicho panali mawu achingerezi, ndipo Pempho anawawerenga mokweza, akuwamasulira pang'onopang'ono kuti mayi amve.

"Mayi wina wa m'deralo, pa malo ofufuzira oyamba."

A Harry anayang'ana pansi.

"Mayi wina," anabwereza Pempho. "Dyton, ine ndine mayi wina?"

"Mthunzi wanga, malamulo awo salola kulemba dzina la munthu..."

"Malamulo awo amalola kujambula munthu akulankhula ndi malemu mayi ake?"

Pempho anapitiriza.

"Amalume anandiuza kuti kunabwera mnyamata wina wasukulu kudzapempha kulowa kumanda, iwo namukaniza. Ndinkaseka nawo. Unali iwe?"

"Ndinali ine."

"Usanabwere ndi thalauzi lija, kapena utabwera kale?"

"Tsiku lomwelo."

"Nanga batani lija?"

Dyton anaweramitsa mutu. "Ndinadula ndekha. Koma Pempho, ndikulumbira, pambuyo pake ndinakukonda zenizeni! Lero lino ndimakukonda kuposa PhD imeneyi!"

Pempho anaseka pang'ono, misozi ikutsika.

"Ndikudziwa kuti umandikonda. N'chifukwa chake zikuwawa. Ukanandipempha, Dyton! Ine ndikanawagwadira amalume, ndikanakugwirira ndi tepi yomwe poyeza mitengoyo. Koma ine ndikuwauza amayi kuti sundibisira kanthu, iwe uli kumbuyo kwanga ukuwerenga?"

Anaika nthochi zija pafupi ndi mayi, nagwadanso.

"Amayi, mundikhululukire. Nditsanzike dzuwa likadalipo."

"Mwanawe, takhala pansi tikambirane."

"Zikomo amayi. Lero ayi."

Dyton anamutsatira mpaka kumsewu, akuchonderera, mpando uja akadaugwira osadziwa. Pempho anakwera kabaza osacheuka.

Atabwerera, bambo ake analankhula kamodzi kokha. "Ine pageti paja, munthu wopanda chilolezo ndimamubweza, olo avale suti. Iwe walowa kumanda kwa eni kudzera pamtima wa mwana wawo."

M'mawa wa Lolemba Dyton anakhala pakhonde pomwepo. Anafufuta chithunzi chija. Anafufuta manda a ku Lirangwe, mitengo yonse makumi anayi ndi isanu ndi iwiri. Chikalata chinatsala chowonda ngati nkhuku yonyowa, ndipo ankadziwa kuti pakati pa mazanamazana aja sichingaimenso. Anachitumiza chomwecho, nthawi itatsala pang'ono kukwana 11 koloko.

Kenaka analemba uthenga.

"Ndachotsa zonse. Sindipambana, koma bola ndisataye iwe. Ndikhululukire, mthunzi wanga."

Anadikira. Ndege inanyamuka pabwalo, nidutsa pamwamba pa denga, phokoso lake n'kuzilala. Foni inali chete.

Cha m'ma 2 koloko, bambo wa njinga yamoto anaima pampanda.

"Pano ndi pa a Dyton? Katundu wanu wochokera ku Lirangwe."

M'jumbomo munali malaya a chinkhoswe, ansalu yobiriwira imene anasankha awiri. Anasokedwa bwino kwambiri, kolala ndi manja omwe, koma analibe batani ngakhale limodzi. Pathumba panali kapepala kobayidwa ndi phini.

"Chithunzi mwachotsa, zikomo. Nanga tsiku lija mulichotsa bwanji? Amayi ndinawauza zabodza. Mabatani mukasoketse kwina."

Dyton anawerenga kawiri. Akanangonena tsiku la batani loyamba lija! Akanangosiya foni m'thumba kwa mphindi zisanu zokha!

"Dyton!" anaitana mayi ake ali kuseri. "Chimangachi chikapite kuchigayo magetsi asanazime."

Anapinda malaya aja mosamala, nawaika pansi pa sutikesi. Kenaka anatuluka, namangirira thumba panjinga, n'kuyamba kukankha.