Tambula Yachisanu ndi Chimodzi

Bambo a mtsikana wina ankanyamula vinyo pa kagalimoto kawo, kuchoka kosungira katundu kukatula m'masitolo ndi m'maholo a ukwati. Anagwira ntchitoyi zaka makumi awiri, koma vinyo sanamulawepo ngakhale dontho. Pakhomo pawo tsiku linkayamba ndi pemphero. Maso a bambowo atayamba kuchita chifunga, mwana wawo wachisamba ndiye anagwira chiwongolero, ndipo anamupatsa dzina loti Dzanjalamanja.

"Mabotolo khumi ndi awiri m'katoni," ankamuphunzitsa. "Pakati uziika mapepala olimba kuti asamagundane. Uziwagoneka chammbali, chotsekera chingaume. Padzuwa ayi. Ndipo chingwe, mwanangu, uzimanga kawiri."

Tsiku lina akutsitsa katundu pa holo, mayi wothira zakumwa anamukodola.

"Iwe mtsikana, botolo limodzi limadzaza matambula angati?"

"Asanu."

"Asanu kwa ogona! Ukuwuona mzere uwu patambula? Ukamathira kulekeza pansi pake pang'ono, palibe amadziwa. Yachisanu ndi chimodzi ndi yako. Talawa, suli khanda."

Dzanjalamanja analawa. Yoyamba inamuwawa pakhosi, yachiwiri inatsika yokha. Mwezi usanathe anali atasiya kudikira zotsala m'matambula. Ankatsegula botolo lathunthu, kunyumba n'kukanena kuti lasweka panjira.

Mayi ake ndiwo anayamba kumva fungo.

"Ichi n'chiyani ukununkhachi?"

"Vinyo wanditayikira, amayi."

"Wakutayikira m'kamwa? Mwana iwe, chakomachakoma pusi anagwa chagada."

Bambo ake sanakalipe. Anangotambasula dzanja. "Ndipatse khosi la botolo loswekalo. Botolo likasweka panjira, chotsekera chimakhala chikadali pakhosi pake."

Mtsikanayo analibe khosi la botolo loti awapatse.

"Maso anga ndi iwe," anatero bambowo. "Ukamandinamiza iweyo, ndikhulupirira ndani?"

Mtsikanayo analira, n'kulumbira kuti sadzamwanso. Anapirira masiku atatu. Tsiku lachinayi ludzu la vinyo linamugwira ali pachiwongolero. Anapemphera, anatafuna zotsekemera, anamwa madzi mpaka mimba kuwawa, koma kumbuyo kwake mabotolo ankangolira ngwengwengwe pabampu paliponse. Pomwe ankafika kotula katundu, lumbiro lija linali litasungunuka.

Loweruka lina masana anapakira makatoni makumi atatu a ukwati waukulu. Anali atamwa theka la botolo kuseri kwa khoma, ndipo chingwe anangochiponya pamwamba.

"Wamanga?" anafunsa bambo ake, ali pampando wakutsogolo.

"Ndamanga, bambo."

Pachitunda anamva katundu akuseserekera kumbuyo, koma anaopa kuima, poti bambowo akanadziwa kuti wanama. Atafika pa holo mutu unali waukulu, moti anachedwa kutsika. Bambo ake anatsogola, akupapasa m'mbali mwa galimoto, n'kutsegula chitseko chakumbuyo.

Mulu wonse unawagwera.

Dzanjalamanja anawapeza ali chagada pa simenti, makatoni ali pachifuwa, vinyo ndi magazi zikuyenderera limodzi. Anakumba ndi manja, magalasi akumucheka zala, akukuwa, "Bambo! Bambo, dzukani!" Mayi wothira zakumwa uja anasuzumira pakhomo, n'kubwerera mkati mwakachetechete.

Kuchipatala dokotala anati msana wathyoka, sadzayendanso.

Galimoto anaigulitsa. Masiku ano m'mawa uliwonse Dzanjalamanja amatembenuza bambo ake pabedi, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Vinyo anamusiya, ngakhale ludzu lake limamudzerabe, ndipo likafika amagwada pambali pa bedilo mpaka lidutse. Bambowo anamuuza kalekale kuti, "Ndinakukhululukira, mwanangu." Iye amakhulupirira. Koma akamapukuta miyendo yowonda ija amadziwa kuti chikhululuko sichidzaiimitsanso.

Achinyamata, tchimo limayamba ndi kulawa, bodza n'kubwera pambuyo kudzalifunditsa. Kanani pa tambula yoyamba, chifukwa nthawi zambiri wovulala amakhala munthu amene ankakukhulupirirani.