Chokoleti Chinkathera kwa Wina

Anakumana tsiku limene makina onse osokera anazima mushopu. Wamagetsi anabwera ndi makwerero ake, nalumikiza waya umene unapsa. Potsika, maso ake anagwera pa kabokosi kamene telala wamng'ono anaika pawindo.

"Achemwali, tinthu takudati ndi tichani?"

"Timakapu ta chokoleti, m'kati muli chiponde. Ndimapanga ndekha. Talawani."

"Ndikadyera kunyumba, m'manjamu muli fumbi," anatero mnyamatayo akukulunga tiwiri m'pepala. "Koma manja opanga zoterezi, ine ndikufuna kuwadziwa."

Mtsikanayo anaseka, koma mtima unagunda. Nambala anapereka.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. "Duwa langa, timakapu tija tatha, koma iweyo sukutha m'mutu mwangamu." Tsiku lina: "Chaka chino chisanathe ndikuveka mphete, wapamtima. Ndikanama undilavulire."

Ndani sakanakhulupirira?

Lamlungu masana telalayo sankaoneka panja. Ankasungunula chokoleti m'mbale yosanjika pamadzi otentha, akutakasa pang'onopang'ono kuti chisapserere. Ankathira kasupuni m'timapepala ta makeke n'kuika mufiriji kuti chigwire. Chiponde ankachisakaniza ndi bata, shuga wosalala ndi kamchere kongotsina, n'kuumba timibulu, n'kutiphimba ndi chokoleti china. Kakapu kakatuluka kopindika, ankadya yekha. Tosalala tokha ndi timene tinkalowa m'bokosi la wokondedwa.

"Iwe, firijiyi yasanduka ya alamu?" mkulu wake ankamunyogodola. "Komatu munthu woti pakhomo pake sunapondepo, umati ukumudziwa?"

"Nsanje basi, achemwali. Akumanga kaye, adzanditenga."

Ndiye m'mawa wina mushopu munalowa mayi woyembekezera, wotopa, akupuma mwabefu. Anayang'ana atelala onse, kenako anaona bokosi lija pawindo. Nkhope yake inawala.

"Eya! Ndakupezani! Ndinu opanga timakapu, eti?"

"Ndine, mayi. Takulandirani."

"Amuna anga ndi aja anakukonzerani magetsi kuno. Amati amatitenga kwa inu. Mchemwali wanga, mwandisunga! Chiyambire mimbayi, chilichonse ndimabweza, koma timeneti tokha timakhazikika."

Mtsikanayo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Amuna anga? Mwina sanamve bwino.

"Iwowo... amatikonda?" anafunsa, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

Mayiyo anaseka. "Iwo aja? Sangalawe n'komwe! Mtedza umawatupitsa khosi, ali mwana anatsala pang'ono kufa nawo. Amangondinyamulira ine."

Ha! Miyezi yonse ija! Mauthenga onse aja otama kukoma, wolembayo anali asanaikepo kakapu ngakhale kamodzi pakamwa.

"Ndabwera kudzapempha," mayiyo anapitiriza mwamanyazi. "Masiku ayandikira. Ndikachira ndikufuna ndizipanga ndekha, asamavutike kuzungulira kuno. Mungandiphunzitse?"

Telalayo anaponya maso pafoni yake. Akanangotsegula foni, zonse zikanathera pomwepo. Koma anayang'ana mapazi otupa a mayiyo, ndi dzanja limene linkasisita mimba mosadziwa kanthu. Iyeyu analakwa chiyani?

Anakoka mpando. "Khalani apa, mayi."

Anamufotokozera zonse, osabisa kanthu. "Madzi asagwere m'chokoleti ngakhale dontho, chimaundana. Mchere musaiwale. Ndipo musathamangire kutulutsa mufiriji, timasweka."

Kenako anatenga bokosi lija n'kumuikira pamiyendo. "Itinso tengani."

"Mulungu akudalitseni," mayiyo anatero pakhomo, misozi ikulengeza. "Adzakupatseni mwamuna wokusamalani ngati wanga."

Mayiyo asanafike n'komwe pamsewu, foni inalira patebulo. "Wapamtima, ndikudutsa madzulo. Wandisungira?"

Telalayo anayankha: "Akazi anu atenga kale. Ndawaphunzitsanso kapangidwe kake. Kuno musadzapondenso."

Foni inayamba kuitana. Inaitana, n'kuitananso. Iye anaizimitsa, nakhala pamakina ake. Panali diresi ya mwini wake yofunika kupinda tsiku lomwelo. Ananyowetsa ulusi pamilomo, nauloza pasingano, koma kabowo kaja sikankaoneka.

Telala wachikulire wa makina oyandikana naye, amene anamva zonse, anadzuka mwakachetechete. Anamulanda ulusiwo, naulowetsa yekha.

"Lira kaye, mwanawe," anatero. "Diresiyi ndimaliza ndine."