Mzime Asambitsa Nkhuku

Panali mtsikana wina wamng'ono. Kunyumba ankamuitana kuti Mzime. Ndiye anali womaliza kubadwa.

Mzime ankafuna munthu wocheza naye.

Achemwali ake anali kusukulu yogonera konko. Bambo ake ankayendetsa lole. Ankapita kutali. Ankakhalako masiku ambiri. Mayi ake ankagwira ntchito m'sitolo. Ankabwera dzuwa likulowa.

Akaweruka kusukulu, Mzime ankatsegula chitseko yekha. Ankadya yekha. Ankatsuka mbale imodzi ndi kapu imodzi. M'nyumba munali zii.

Kuseri kwa nyumba kunali khola. M'kholamo munali nkhuku zinayi. Mzime ankakhala pa ndowa yovundikira. Ankaziwerengera buku lake mokweza. Nkhuku zitatu zinkangopalasa. Koma imodzi inkapendeketsa mutu ngati ikumva. Dzina lake anali Mawanga.

Tsiku lina Lachisanu, Mzime anamwaza chakudya cha nkhuku.

"Bwerani! Bwerani mudye!" anatero.

Nkhuku zitatu zinathamanga. Mawanga sanabwere. Anaima pakona yekhayekha. Mapiko ake anagwa. Maso ake anali otsinzina.

Mzime anagwada. Anasuzumira pansi pa mchira. Nthenga za pamenepo zinali zoipa. Zitosi zinamatirira. Zinauma gwa! Pankanunkha. Ntchentche zinkatera, n'kuuluka, n'kuteranso.

Nkhuku yofiira inabwera. Inajompha Mawanga pomwepo.

"Iwe, choka!" anakuwa Mzime. Kenaka anaitana, "Amayi! Amayi!"

Palibe anayankha. M'nyumba munalibe munthu.

Mzime anatola kamtengo. Anayesa kupala zitosi zija. Mawanga analira, "Kwee!" Nthenga imodzi inathothoka. Mzime anataya kamtengo. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Kuseri kwa mpanda kunali saluni yaing'ono. Mwini wake anali mayi wina woluka tsitsi. Mzime ankawaona tsiku lililonse. Koma anali asanawalankhulepo.

Anaima pakhomo pa saluni. Wailesi inkaimba.

"Odi," anatero chapansipansi.

Palibe anamva.

"Odi!" anabwereza.

"Lowa, mwanangu," anatero mayi a pasaluni. "Ukufuna kuluka?"

"Ayi. Ndi nkhuku yanga."

"Nkhuku ikufuna kuluka?"

Mayi aja anaseka. Kenaka anaona misozi ya Mzime. Anasiya kuseka. Anaika chipeso pansi.

"Tiye ukandionetse," anatero.

Kukhola, mayi aja ananyamula Mawanga. Anamutembenuza mosamala. Anayang'anitsitsa.

"Wachita bwino kundiitana," anatero. "Ntchentche zikaikira mazira apa, pamachita mphutsi. Nkhuku imatha kufa."

"Mawanga afa?" anafunsa Mzime.

"Tikafulumira, safa. Ndili ngati iwe, kwathu tinkaweta nkhuku zambiri. Thamanga ukatenge beseni. Utengenso sopo ndi thaulo lakale."

Mzime anathamanga. Mayi aja anabweretsa madzi ofunda. Anabweretsanso magolovesi ndi sizasi yakale.

"Pisa chigongono m'madzimo. Akuotcha?"

"Sakuotcha. Ndi ofunda."

"Ali bwino. Gwira mapiko. Usafinye."

Mzime anagwira mapiko. Anaviika Mawanga kumbuyo kokha. Mutu unali pamwamba. Mawanga anaphupha pang'ono. Kenaka anakhala phee.

"Ndikoke?" anafunsa Mzime.

"Usakoke. Dikira zifewe."

Anadikira. Anadikirabe. Mtima wa Mawanga unkagunda m'manja mwa Mzime. Unkagunda mofulumira. Wa Mzime unkagundanso mofulumira.

Zitosi zinayamba kufewa. Mzime anavala magolovesi. Anatikita nthenga ndi zala, pang'onopang'ono. Madzi anada bii. Anawataya. Anathira ena. Anatikitanso.

Zina zinakana kuchoka. Mayi aja anatenga sizasi. Anadula nsonga za nthenga. Sanakhudze khungu.

"Taona," anatero. "Khungu lafiira, koma palibe bala. Mphutsi palibe. Utitiri palibe."

Mzime anakhazika mtima pansi.

Anakulunga Mawanga m'thaulo. Anapita naye pasaluni. Mayi aja anayatsa choumitsira tsitsi. Anachigwirira patali. Kamphepo kofunda kanaomba. Nthenga zinauma, zinakhala wofuwofu.

"Zaka khumi ndili pano," anatero mayi aja. "Kasitomala wa mapiko ndi woyamba uyu!"

Mzime anaseka pang'ono. Onse awiri anasamba m'manja ndi sopo.

"Tsopano tamvera," anatero mayi aja. "Akhale payekha masiku atatu. Anzake angamujomphe. Uzimupatsa madzi oyera. Mayi ako akabwera, uwauze apite naye kwa dokotala wa ziweto. M'mimba mwake simuli bwino."

Pasaluni panafika munthu wofuna kuluka. Mzime anathokoza. Anabwerera kunyumba.

Anapeza katoni. Anayalamo udzu wouma. Anaikamo Mawanga. Anaika katoni pakhonde.

Nkhuku zina zinkapalasa kutali. Mawanga ankaziyang'ana. Analira kamodzi. Palibe inabwera.

Mzime anakhala pansi pafupi ndi katoni.

"Usaope," anatero. "Ine sindichoka."

Mthunzi wa mpanda unatalika. Ana ena ankasewera mumsewu. Mawu awo ankamveka patali. Mzime sanachoke. Anaviika chala m'madzi. Anadonthezera pamlomo pa Mawanga. Mawanga anameza. Anadonthezanso. Anamezanso.

Dzuwa likulowa, geti linalira. Mayi ake anafika ndi chikwama.

"Mzime, nkhuku ikutani m'katoni?"

Mzime anafotokoza zonse. Anafotokoza za ntchentche. Anafotokoza za beseni. Anafotokoza za sizasi.

"Unapita wekha pasaluni?" anafunsa mayi ake.

"Ndinayamba ndaitana inu," anatero Mzime. "Kunalibe."

Mayi ake anaika chikwama pansi. Anakhala pakhonde ndi zovala za kuntchito. Anamukhazika Mzime pamiyendo. Anamugwira nthawi yaitali.

"Masana amatalika eti, mwanangu?"

"Amatalika, amayi."

Mayi ake anapita pasaluni kukathokoza. Anacheza kanthawi ndithu. Atabwerako anati, "Kuyambira Lolemba, ukaweruka uzikhala pasaluni. Akusungira mpando. Uzilemba ntchito ya kusukulu pomwepo mpaka ndibwere."

"Nanga Mawanga?"

"Mawanga ali kuseri kwa mpanda basi. Uzikamuona."

M'mawa mwake mayi ake anapempha tchuthi. Iwo ndi Mzime ananyamula katoni limodzi, wina uku, wina uku. Dokotala wa ziweto anapima Mawanga.

"Ali ndi njoka za m'mimba," anatero. "Mankhwala awa muwathire m'madzi. Zimwe nkhuku zonse. Koma wamusambitsa ndani bwino chonchi?"

"Ndine," anatero Mzime.

Kunyumba anasesa khola. Anatsuka momwera madzi. Anayala udzu watsopano.

Patapita masiku atatu, hutala inalira pamsewu. "Piii!" Anali bambo ake.

Mzime anathamanga. Anawagwira dzanja. Anawakokera pakhonde.

"Ababa, musavule nsapato. Bwerani muone!"

Bambo ake ananyamula Mawanga. Anasuzumira pansi pa mchira. Nthenga zinali zoyera mbee.

"Ameneyu wameta bwino kuposa ine," anatero. Anavula chipewa. Tsitsi lawo linali nyankhalala.

Mayi ake anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Gwira mapiko, Mzime," anatero. "Atsatira bambo akowa!"

Atatu onse anapita kukhola. Mzime anaika Mawanga pansi. Anamwaza chakudya. Nkhuku zinayi zinathamanga. Mawanga ndiye anali patsogolo.