Wezulo Katatu

Basi inanyamuka ku Siavonga dzuwa litalowa kale. Achinyamata a ku tchalitchi anachedwa kutsika phiri, kenaka anakakamira kuviika mapazi m'nyanja ya Kariba, ndipo ba Fabian, mtsogoleri wao, anakana kuti galimoto iyende asanawerenge mitu kawiri.

Abby Musonda anakhala pawindo, mtima uli m'mwamba. Amayi ake ankadziwa kuti mwana ali ku Kabwata kwa mnzake Kimberly, akuwerenga za mayeso. Zina zonse amayiwo ankalola, koma ukangotchula phiri nkhope inkauma. "Ku phili siuzayenda. Osanifunsa futi." Chifukwa chake sankanena, monganso sankanena zambiri za bambo ake a Abby, kupatula kuti anafa pa ngozi ya galimoto iye ali ndi zaka zitatu.

Komatu phirilo linali lokoma! Pamwamba mphepo inkalasa m'makutu, nyanja ili phee pansi, mabwato akuoneka ngati nyerere. M'mawa, asanayambe kukwera, ba Fabian anapatsa aliyense wezulo wa chingwe chofiira. Kuliza kamodzi ndiye kuti ndili pano. Kawiri, wina wasowa. Katatu, wapezeka, bwererani. Anasankhanso munthu woyenda kumbuyo, amene saloledwa kupitirira aliyense mpaka onse atafika pansi.

"Kudala tenze na wezulo imozi chabe," anatero ba Fabian. Atafika pa dzina la Abby pa pepala lao anaima pang'ono, namuyang'ana, kenaka napitiriza kuitana mayina.

Basi inamutsitsa ku Woodlands cha m'ma 11 koloko. Magetsi anali atapita. Foni inali itazima kalekale chifukwa cha zithunzi za pamwamba paja. Abby anachita manyazi kupempha womuperekeza, poti iye ndi munthu woti ngakhale chenji m'minibasi amalephera kuitanitsa. Anangoyamba kutsata msewu wa Leopards Hill kulowera kwao, miyendo ili nyung'unyung'u ndi kutopa.

Atayandikira manda anamva mapazi kumbuyo.

Gu... phya. Gu... phya.

Phazi limodzi la nsapato, lina lopanda.

Anafulumira. Mapazi anafulumiranso. Anaima. Nawonso anaima. Kunadza fungo la udzu wouma wa kuphiri, lomwe lija analisiya ku Siavonga.

"Yenda chabe, mwana. Osayopa. Nine wa kumbuyo, sinipitilila muntu."

Anali mawu a mwamuna, ofatsa, otopa ngati a munthu amene waitana tsiku lonse. Abby anacheuka pang'ono. Anaona mthunzi wautali, kapusi kumutu, ndi kanthu konyezimira pachifuwa. Nkhope sanaione.

"Wachoka ku phili?"

"Ee..."

"Siunaoneko kamwana kakazi kumwamba kuja? Kang'ono so. Kavala delesi ya yelo. Kali na chipsela pa chibwano, kanagwela pa mbaula."

Dzanja la Abby linakwera lokha mpaka pachibwano. Chipsera chake chinali pomwepo, chozizira.

"Iyai, ba ankolo... sininaone."

"Kwada manje. Kamayopa mdima." Mawu aja ananjenjemera. "Nimvelela, nimvelela, koma sibanalize katatu."

Abby anathawa!

Chikwama chinkamumenya pamsana. Anapunthwa, nadzuka. Sanayang'anenso m'mbuyo. Gu... phya. Gu... phya. Osayandikira. Osatsalira. Mpaka pa geti la kwao.

"Mami! Mami, segulani!"

Amayi ake anatuluka ndi kandulo, mkwiyo uli kale pakamwa. "Iwe, ni ntawi yobwela iyi? Nafonela kwa Kimberly, bakuti..." Mawu anathera pomwepo. Maso ao anali pa chingwe chofiira cha m'khosi mwa Abby.

"Wenze kuti?"

Abby anaulula zonse ali chiimire pakhonde: bodza lake, phiri, ndi munthu uja wa nsapato imodzi wofunafuna mwana wa delesi ya yelo. Amayi anakhala pansi pa simenti. Kandulo inadontha phula pa chitenje chao, iwo osamva.

Anafotokoza mwapang'onopang'ono. Ngozi ya galimoto kunalibe. Zaka khumi ndi zinayi zapitazo banja lonse linapita ndi tchalitchi chomwecho ku phiri lomwelo. Bambo ake, ba Lemmy, ndiwo anali a kumbuyo, ndipo wezulo unali m'khosi mwao. Abby anatsala m'munsi ndi azimayi ophika. Madzulo powerenga mitu, mwana sanaoneke. Wina anati anamuona akulondola okwera. Ba Lemmy sanamwe ngakhale madzi, anatembenuka nkukweranso, mdima ukugwa.

"Sipanapite na maminitsi teni, tinakupeza. Wenze unagona pansi pa mpando mu basi, wazifunika chitenje changa." Amayi anapukuta m'maso. "Tinapunda mpaka mau yanasila. Mphepo yenze kubweza. Wezulo yenze imozi, Abby, ndiye yamene anayenda nayo."

Thupi la ba Lemmy analipeza patapita masiku awiri m'munsi mwa phompho, nsapato imodzi palibe. Anaikidwa ku Leopards Hill, manda omwe Abby anangodutsa kumene.

"Sininafune kuti ukule uganiza ati ndiwe unalengesa. Wenze mwana. Unagona chabe."

Abby sanalire msanga. Anayang'ana ku geti. Kunja kwake, mu mdima, chinachake chinasuntha pa miyala. Gu... phya. Munthu uja anali asanachoke.

"Abby, osasegula!"

Koma anali atatsegula kale. Anaima pamsewu, naika wezulo pakamwa. Koyamba mpweya unakana. Anakoka wina.

Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Agalu a m'mipanda yonse anakhala chete. Patali pang'ono panamveka munthu akupuma mozama, ngati wotula katundu pamutu. Kenaka mapazi aja anatembenuka. Ankapita mosafulumira, kulowera kumanda, mpaka anazimirira.

Amayi anabwera nkuima pambali pake, kandulo itazima m'manja.

"Dadi, napezeka," Abby ananong'ona. Apa ndi pamene misozi inabwera.