Phokoso m'Dziwe la Nsomba

Rebeka ankakhala ku Chezi, m'munsi mwa phiri. Anali ndi nkhawa. Nsomba za abambo ake zinasiya kudya.

Abambo ake, a Enoki, anali ndi dziwe la nsomba. M'mawa uliwonse Rebeka ankawazamo madeya.

Lolemba nsomba sizinadye. Lachiwiri nsomba sizinadye. Lachitatu nsomba ziwiri zinafa.

Rebeka anali ndi nsungwi yobowoka. Ankaiviika m'madzi n'kuikapo khutu. Kale ankamva nsomba zikulira. Zinkati gu, gu, gu.

Tsiku limenelo anaviikanso nsungwi ija. Sanamve nsomba. Anamva du-du-du-du. Khutu linamuwawa.

Phokosolo linali la injini. Eni esiteti ya fodya anaika injiniyo m'mbali mwa dziwe. Inkapopa madzi othirira nazale. Kumtunda inkamveka pang'ono. M'madzi inkasokosa kwambiri.

Rebeka anauza abambo ake. A Enoki anayang'ana pansi. Iwo ankagwira ntchito pa esitetipo. Anati masiku ano munthu satsutsana ndi akuluakulu. Ntchito ikhoza kutha.

Lachinayi nsomba inanso inafa.

Masana kunabwera a Elifala, kapitawo wa pa esiteti. Anabwera kudzathira mafuta mu injini. A Elifala sankaseka ndi munthu.

Rebeka anawayandikira pang'onopang'ono. Anagwada, nsungwi ili m'manja.

"Bambo, tamverani m'madzimu," anatero Rebeka.

A Elifala anamuyang'ana. Anayang'ananso nsungwi. Kenaka anawerama n'kuikapo khutu. Anadzidzimuka n'kugwira khutu lawo.

Rebeka anaopa. Anaganiza za ntchito ya abambo ake.

A Elifala anafunsa kuti zafa zingati. Rebeka anati zitatu.

"Ine ndamva kamodzi kokha," anatero a Elifala. "Nsombazi zikumva tsiku lonse."

Anazimitsa injini. Anaitana amuna anayi. A Enoki anali m'gulumo. Amunawo ananyamula injini. Anakaiika kumtsinje, kutali ndi dziwe. Palibe amene anachotsedwa ntchito.

Loweruka banja lonse linapita kudziwe. Amayi anabereka Sara, mng'ono wake wa Rebeka. Rebeka anawaza madeya. Anadikira. Anadikirabe.

Kenaka madzi anati phuvu! Nsomba zinalimbirana madeya. Madzi anathovukira Sara kumaso. Sara anaseka. Amayi anaseka.

A Enoki anagwira Rebeka paphewa.

"Wazanso ena, mwana wanga," anatero. "Zili ndi njala ya sabata yathunthu."